Bala la Ski Silipola ndi Phuma

Ine ndine wokonza maski ku Kutchan, tauni ya pachilumba cha Hokkaido ku Japan, imene ili pakati pa phiri la Yotei, lija adakwerapo Theodor von Lerch wa ku Austria ndi maski ake m'chaka cha 1912, ndi phiri la Niseko Annupuri, kumene alendo a mitundu yonse amakhamukira chaka ndi chaka kudzatsetsereka pakati pa mitengo. Ndipo chimene chandigwiritsa cholembera lero ndi mkwiyo, pakuti m'dera lathu mwabuka mashopu amene amayendetsa ski pamakina kwa kamphindi, naipaka phula pamwamba pokha monga mwana wodzola mafuta asanasambe, nalandira ndalama, namatcha chimenecho umisiri.

Za kunola zitsulo za m'mbali ndi tupa, kapena za kusungunula phula ndi simbi, sindichulutsa mawu, popeza aliyense wokhala ndi manja angazidziwe. Ndingonena kuti chipale cha kuno, chimene mphepo ya ku Siberia imatigwetsera itatunga chinyezi pa Nyanja ya Japan, n'chouma ndi chozizira koopsa, chopepuka ngati ufa woyera wosefa, ndipo chimafuna phula lolimba. Wopaka lofewa adzamva ski yake ikukakamira ngati yaponda mchenga.

Ntchito yeniyeni ili pa bala. Kumayambiriro kwa Disembala, chipale chisanakwirire bwino zitsa, miyala ndi sasa, tinsungwi tatifupi tija ta m'nkhalango, anyamata osaugwira mtima amakhala atalowa kale m'mitengo, ndipo madzulo amandipeza atanyamula ski yong'ambika kumimba, pulasitiki ya pansi itanyotsoka kufikira mtengo wa m'kati kuonekera. Anzanga a makina aja amayatsa kandulo ya pulasitiki yotchedwa P-tex nadonthezera pabalapo, ndipo likadzaza, maso a mwini ski amakhuta. Komatu chigamba chotere, makamaka chikagundana ndi chitsulo, pamene pulasitiki sigwira, sichichedwa kuthothoka, madzi nalowa, naundana usiku, natupitsa mtengowo, mpaka ski yonse iyamba kumatuka. Ine ndimayamba ndadula ndi mpeni zonse zolendewera, ndi kuwongola m'mbali mwa balalo, ndi kuchotsamo phula ngakhale kadontho; ndiyeno ndimaimika ski m'chipinda chofunda usiku wonse, pakuti guluu wa epoxy ndi chinyezi ali ngati mphaka ndi khoswe. M'mawa mwake ndimadula chigamba cholingana ndi balalo, kuchimata, kuchipana zolimba, ndi kudikiranso tsiku lathunthu ndisanachipale kuti chisalale.

Kudikira kumeneku ndidakuphunzira ndi manyazi. Mphunzitsi wanga, nkhalamba ya mawu ochepa, amene adayamba ntchitoyi m'masiku a mpikisano wa Olympic wa ku Sapporo mu 1972, nyengo yoyamba yonse sadandilole kukhudza mpeni. Ine ndidali wosesa, wopala phula, ndi wokwecha ndi bulashi ya ubweya wa kavalo kufikira mapewa ataphwanya. Tsiku lina, iwo atatuluka, ndidamata chigamba mobisa ski isanaume, ndili ndi mtima wakuti adzanditama. Atabwera adayendetsapo chala chachikulu kawiri, nalowetsa chikhadabo, nachitumphula osanena kanthu, nachiika m'dzanja langa, napita kukamwa tiyi wawo. Indetu, akadandikalipira zikadandipepukira. Makolo adati kuona maso a nkhono n'kudekha; iwo mwambiwo sadaumvepo, koma zala zawo zidaudziwa. Kachigambako ndidakali nako m'kabati, pamodzi ndi tupa yawo yakale imene mano ake adatha.

Tsono taonani chodabwitsa: munthu amene walipira ndege kuchokera ku Sydney kapena ku Hong Kong, nagona m'hotela ya ku Hirafu m'dera lathu lino, nagula ski ya mtengo wa ng'ombe, akamva malipiro anga ndi masiku awiri odikira, amakwinya nkhope ngati ndamulanda cholowa cha atate wake, namuka kwa a makina aja, ndipo sabata isanathe amabwerera kwa ine, bala litakula kawiri.

Inu amene mukubwera nyengo ino, musalowe m'mitengo Januwale asanafike. Mukakana kumva, ski yanu mubwere nayo madzulo omwewo isanagone kunja, ndipo mukabwereke ina ya masiku awiri.