Mwana wokana mswachi: mano ena sadzameranso

Lero tikambirane za mwana uja amene akangoona mswachi amathawira kuseri kwa nyumba. Wina amauluma, wina amangounyowetsa n'kubwera kudzanena kuti watsuka. Inu mwatopa ndi kumunda, ndiwo zili pamoto, mapeto ake mumangoti, "Musiyeni, manowa adzagweluka, kudzamera ena."

Mawu amenewa amandidetsa nkhawa ine monga namwino. Zoonadi, mano oyamba aja, omwe amakhala 20, amagweluka. Koma mwana akafika zaka ngati 6, kumbuyo kwenikweni kumamera mano 4 akuluakulu, awiri m'mwamba, awiri m'munsi. Amatuluka popanda lina kugweluka, n'chifukwa chake makolo ambiri amawayesa aubwana. Amenewo ndi a moyo wake wonse. Limodzi likaola n'kuzulidwa, silimeranso. Komanso dzino laubwana likabooka limapweteka ndithu: mwana sadya, sagona, kusukulu amajomba.

Chimaboola dzino n'chiyani? M'kamwa muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya shuga wotsalira wa maswiti, mabisiketi, Sobo ndi tiyi. Tikadya timatulutsa asidi, ndipo asidiyo ndi amene amakumba dzino. Usiku malovu amachepa, choncho asidiyo sakokoloka. Mano atsukidwe kawiri pa tsiku, mphindi 2, koma ngati mwana ndi wamakani, nkhondo yoti musagonje ndi ya usiku asanagone.

Musamumenye, ndipo chonde musamuopseze kuti "anamwino akubaya jakisoni". Mwana woopsezedwa chotere amabisa dzino likayamba kupweteka, ndipo amafika kwa ife tsaya litatupa kale.

Yesani izi. Khalani pamphasa, mutu wake ukhale pamiyendo panu kuti muone mpaka kumbuyo. Ayambe yekha kutsuka, inu mumalize. Mwana sanathe kutsuka bwino yekha mpaka zaka 7 kapena 8. Tsukani limodzi banja lonse, abambo nawonso akhalepo, chifukwa mwana amatengera zimene akuona. Nthawi ikhale yomweyo tsiku lililonse, ndipo tsiku limene wavomera, muyamikireni.

Akamadandaula kuti mankhwala akumuwawa m'kamwa, mwina mukuika ambiri. Wosakwana zaka 3 muikireni ngati kambewu ka mpunga, wa zaka 3 mpaka 6 ngati nsawawa imodzi. Mankhwalawo akhale olembedwa kuti fluoride. Akamaliza alavule, koma asachukuche ndi madzi, kuti mankhwalawo atsale pa mano. Akatha mankhwala musaleke, tsukani ndi mswachi ndi madzi oyera. Makala, phulusa ndi mchenga ayi, zimapala dzino.

Nkhama zikamatuluka magazi pang'ono, pitirizani kutsuka mofatsa, nthawi zambiri zimaleka litsiro likachoka. Koma mukaona bowo, kapena mwana akulira ndi dzino, pitani naye kuchipatala akamuone a mano. Tsaya likatupa thupi n'kutentha, musagone naye kunyumba. Musaike aspirin pa dzino, amawotcha nkhama.

Madzulo ano yatsani tochi ya pafoni, mwana ayasamule, muone mano akumbuyo aja. Kuwongola mtengo m'poyamba. Uthengawu muwauzeko agogo ndi azakhali, chifukwa maswiti ambiri amachokera kwa iwo.