Tiyeni ku Mfuwe pa ndeke, osachoka m'komboni

Imwe a ku Chainda, Chelstone na Kamanga, kambani zoona: airport ili pafupi na kwanu, koma munalowamo kangati? Ambili a ise timangoona ndeke ikutsika madzulo, malaiti ali ngwee, tikamba kuti "tsiku lina", basi tibwelela ku nchito zathu. Na ine ni chimodzimodzi. Nisebenza mu booth ya mobile money, pasipoti nilibe, ndeke yeniyeni sin'nakwelepo. Koma mwezi uno chabe nayenda ku Mfuwe kanayi, ku Livingstone kawili, ku Ndola kamodzi. Woyendetsa ni ine, ndipo maulendo onse n'nayenda nili na mapatapata ku mendo.

Musaganize kuti ni zaufiti. Ni kompyuta. Pali mapulogilamu ochedwa flight simulator, amene aika dziko lonse mu laptop: mapili, mitsinje, ma airport, mphepo na mvula. Ndiye pali magulu a anthu amene apanga kampani ya ndeke ya pa intaneti, imene achita kuitana kuti virtual airline. Ine n'nalowa imodzi chaka chatha. Lelo dontsani stulu, mukhale kuno kumanja kwanga. Tiyenda kwathu ku Mfuwe.

Kulowa gulu

Virtual airline muione monga kulowa pa route ya minibus. Motoka na station vilipo kale, malamulo nawo alipo, ndipo madzulo upeleka cashing. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno kulibe ndalama. Salipila munthu, ndipo zambili sizilipilitsa kulowa. Ukamva wina akuti tumiza ndalama kuti upatsidwe udindo wa captain, thawa.

Ulembetsa dzina, usankha airport imene idzakhala kwanu, upatsidwa namba ya pilot. Magulu ena ayamba akupatsa kamayeso kolemba, ena afuna uulutse ulendo umodzi aone ngati ukwanitsa. Ukalowa, uika kapulogilamu kamene kalemba vonse vimene uchita m'mwamba: nthawi imene wanyamuka, mafuta amene watentha, liwilo lako, na mwamene mawilo agundila pansi. Ukafika, lipoti ipita kwa akulu-akulu a gulu. Ndiye cashing yake iyo. Akaivomela, maola ako aonjezeka, ndipo pang'ono-pang'ono uchoka pa tundeke tung'ono kupita pa zikulu. Magulu ambili afunanso kuti uuluke kamodzi pa mwezi, apo ayi akufuta pa list.

Cha katundu, osathamangila vodula. Microsoft Flight Simulator, imene inayamba mu 1982, ya masiku ano ni yokongola maningi, koma ifuna kompyuta yamphamvu ndipo idya bundle monga mbuzi m'dimba. Ine nisebenzetsa X-Plane 11 pa laptop ya salaula, chifukwa dziko lake likhala mu kompyuta momwemo. FlightGear ni yaulele. Koma mukalibe kusankha, funsani gulu limene mufuna kulowa ngati kapulogilamu kawo kasebenza na simulator yanu. Ine n'nayamba na mouse, joystick inabwela pambuyo.

Pa Foxtrot Lima Kilo Kilo

Tili pa Kenneth Kaunda International Airport. Dzina ili inapatsidwa mu 2011, ndipo terminal yatsopano inatsegulidwa mu 2021. Koma m'chikambidwe cha ma pilot, malo ano ni FLKK, ndipo kumene tiyenda ni FLMF, Foxtrot Lima Mike Foxtrot. Ndeke yathu ni King Air, ya mainjini awili a mapulopela. Nthawi ili 19:00 pa foni yanu, koma pa flight plan tilemba 17:00, chifukwa ndeke zonse padziko ziyendela nthawi imodzi yochedwa Zulu, ndipo Zambia ili patsogolo na maola awili. Mu simulator nabweza dzuwa kuti kukhale masana, muone dziko bwino.

Manje mvelani mu headset. Talumikiza ku VATSIM, netiweki yaulele imene inayamba mu 2001, kumene anthu enieni akhala ma controller na ma pilot, aliyense ali m'nyumba mwake. Tsiku loyamba kukamba na tower, lilime inauma. Chizungu cha ku sukulu chinathawa, n'nangoti "say again" katatu. Munthu uja sanakalipe, anabweleza pang'ono-pang'ono mpaka n'namva. Koma masiku ambili nikalowa nipeza tower ya Lusaka ilibe munthu. Zikatelo uchuna wailesi pa 122.8, uuza ndeke zinzako vimene ufuna kuchita, ngakhale kuti mwina kulibe amene akumvela. Ku London na ku Frankfurt ndeke zichita kuima pa mzele monga ma minibus pa Kulima Tower. Kuno kwathu kumwamba kuli zii.

Runway ya Lusaka ni imodzi, yotalika pafupifupi makilomita 4. Ku mbali imodzi ilembedwa 10, ku inayo 28. Manamba awa akamba kumene mphuno ya ndeke yaloza: 10 ni kum'mawa, 28 ni kumadzulo. Ndeke inyamuka moyang'anizana na mphepo, ndipo mphepo ya Lusaka ikonda kuchokela kum'mawa, ndiye chifukwa chake kambili tisebenzetsa 10. Chinanso, airport ino ili pamwamba, mamita opitilila 1,100 kuchokela pa nyanja. Mpweya wa kuno ni wopepuka, maka-maka mu October kukapya, chotelo ndeke ithamanga mtunda wautali ikalibe kunyamuka. Simulator iziba zimenezi. Ukadzaza mafuta na katundu mosaganiza, idzakuonetsa.

Gwililani stulu. Tanyamuka.

Dziko imene mumaidutsa muli mtulo

Amene munayendapo ku Mfuwe pa basi muziba nkhani yake. Ufika pa Intercity kukali mdima. Chongwe, Rufunsa, mapili a Manenekela kumene aliyense akhala chete, Luangwa Bridge na nsomba zouma na madengu, nthochi za pa Nyimba, Petauke, Sinda, Katete, Chipata. Apo wayenda makilomita opitilila 500 ndipo ukalibe kufika, ukali kutsikila ku chigwa. Ufika msana uli gwa, dzuwa yapendeka.

Kumwamba kulibe makona. Kuchoka Lusaka kufika Mfuwe ni makilomita 400 na chakuti, mzele umodzi woloza pakati pa kumpoto na kum'mawa. Tikwela mpaka mafiti 17,000. Namba iyi sitinaisankhe mwachisawawa: ndeke zopita chakum'mawa zitenga 15, 17, 19, zopita chakumadzulo zitenga 16, 18, 20, kuti zisakumane mphuno na mphuno.

Yang'anani pansi. Mapulazi a ku Chongwe atsalila kumbuyo, Great East Road yapatukila kumanja, taisiya. Manje dziko iyamba kung'ambika. Uko ni chigwa cha Luano, kumene Lunsemfwa na Lukusashi zikumana zikalibe kuthila mu Luangwa. Pa basi simungakuone, msewu upita kutali. Kumanzele kwaima mapili a Muchinga monga chipupa chosatha. Ku sukulu tinaloweza mayina awa kuti tipase mayeso, koma ine n'nayamba kumvetsa dziko yathu pamene n'naiona mwa njila iyi. Lusaka ili pa thebulo. Kwathu kuli pansi pa thebulo. Ndiye chifukwa chake ku Mfuwe kumapya mpaka nsapato kumata pa tala.

Apo Luangwa yaonekela, ikhota uku na uku monga njoka yokhuta, na tumathamanda tumene inasiya pamene inasintha njila. Kutsidya kwake ni South Luangwa National Park, imene azungu alipila ndalama zambili kuti akaione. Koma nikuuzeni zoona, njovu simudzaziona. Mu simulator yanga mapili, mitsinje na misewu vili pamalo pake, koma nyumba na mitengo ni vongoikamo. Tsiku loyamba n'nazungulila katatu pamwamba pa kumene niziba kuti ni munzi wa ambuya, kusakila mtengo wa mango wa pakhomo. Kunalibe.

Kutela ndiye mayeso

Pano ola yakwana na mamineti ochepa, ndipo simunganyenge. Magulu ambili salola kuthamangitsa nthawi: ola imodzi ni ola imodzi, ukhale pamenepo. Tiyamba kutsika. Mfuwe ili pansi kupambana Lusaka na pafupifupi theka, chotelo pali mtunda wotsika. Ukachedwa kuyamba, ufika pamwamba pa airport ukali kumwamba monga khwangwala.

Ulendo uno unanivuta katatu. Koyamba, kutatsala mamineti 10 kuti nitele, malaiti anayenda. Batili ya laptop yanga inafa kale-kale, ndiye vonse vinazima pamodzi. Lipoti kulibe, ola yonse yapita m'madzi. N'nakhala mu mdima, headset ili kumutu, mlongosi wanga aseka mpaka misozi.

Kachiwili n'nafika, koma n'naigwetsa pansi monga thumba ya simenti. Kapulogilamu kaja kapima liwilo imene watsikila pogunda pansi, ndipo gulu iliyonse ili na malile ake. Yanga inapitilila. M'mawa n'napeza lipoti yakanidwa. Amene anaikana ni munthu wa ku dziko ina, sin'namuonepo na nkhope, koma analemba bwino-bwino kuti n'nabwela mothamanga ndipo n'nachedwa kukweza mphuno. Ati ukaona kuti sizili bwino, onjeza moto, nyamuka, zungulila uyesenso, palibe manyazi. Mau aja ananikhala mumtima. Kuno kwathu tizolowela kukakamiza vintu ngakhale taona kuti vapendeka.

Lelo ni ulendo wina. Mawilo pansi, ma flap pansi, liwilo ili bwino. Runway iyo, ikula, ikula. Chotsa moto, kweza mphuno pang'ono. Mwamva ka "tswii"? Tafika.

Foni ya ku munzi

Tsiku imene lipoti yanga ya Mfuwe inavomeledwa, chimwemwe chinanipitilila. N'natumila ambuya foni.

"Ambuya, nafika ku Mfuwe, pa airport!"

"Ah, mzukulu wanga! Nitume mwana na njinga? Nkhuku tigwile?"

N'nayamba kufotokoza za kompyuta, za intaneti, za gulu. Anamvela mpaka n'natsiliza, ndiye anati: "Manje ndeke yosabweletsa munthu ni ya chani?"

N'nasowa choyankha. Papita zaka zitatu osapondako kumunzi, nthawi zonse nikamba kuti transport yadula, koma ya bundle siisowa.

Na imwe nisakunamizeni. Maola a virtual airline sangakupatseni laisensi. Olo mukhale na 1,000, ku Civil Aviation Authority sadzawawelenga. Amene afuna nchito yeniyeni afunika sukulu, monga ZASTI imene ili pa airport pomwe paja, na ndalama, na thupi yabwino. Chimene masewela awa apatsa ni china: uphunzila kuwelenga nyengo na mapu, kukamba pa wailesi mosanjenjema, kukonzekela ukalibe kunyamuka, na kuvomela munthu akakuuza kuti walakwa. Ndipo ngati ndeke zili mu magazi, uziba msanga, makolo akalibe kugulitsa plot.

Akulu-akulu amatisimbila za Nkwazi, DC-10 ya Zambia Airways imene inali kufika ku London na ku New York, kampani ikalibe kugwa mu 1994. Akamakamba, maso awo achita kuwala. Dzina ija inabwelela kumwamba mu 2021, koma ambili a ise tikali kuonela pansi. Pa intaneti palibe amene atiletsa. Nimafuna tsiku lina nikatsegule wailesi pa FLKK, nimve mau a mwana wa ku Mtendere kapena ku Matero ali pa tower, anipatsa runway 10, ndipo kumbuyo kwanga kuli ndeke zisanu pa mzele, zonse za anthu a kuno. Ma controller naonso ni anthu wamba amene anaphunzila pa netiweki pomwepo, mahala.

Ngati mwayamba, yambani na ulendo waufupi, masana, kopanda mvula. Onani ndandanda ya malaiti mukalibe kulembetsa flight. Ndipo sankhani malo amene muziba, kwanu kwenikweni, chifukwa mtsinje umene unasambamo uli mwana uoneka mosiyana na mitsinje ina yonse.

Ine n'natsegula kabokosi kosungilamo ya basi. December nikwela pa Intercity kukali mdima, nikagule nthochi pa Nyimba, msana ukawawe mpaka ku Mfuwe. Ambuya akuti nkhuku ija ikali moyo.