Mtengo wa kudwala pa Chiromo

Pa Mtayamoyo, pomwe madzi anadula msewu ndi njanji mu 1997, boti silinyamuka lisanadzaze. Kuchokera ku Bangula tinakwera ndi matumba a chimanga, njinga, ndi mayi wina wotupa miyendo amene mwana wake anachita kumunyamula. M'jumbo munali mabuku akuchipatala atatu omanga ndi mphira, onse odzaza mpaka pachikuto.

"Amayi ndi shuga," anatero mnyamatayo. "Tsopano akuti yafika ku impso."

Kutsidya, kufupi ndi pomwe Ruo amathira mu Shire, akabaza anatithamangira. Mtengo wa wodwala ndi wina, chifukwa pamafunika njinga yachiwiri ya womuyang'anira. Ndinatsata njanji yakale yomera thengo, n'kudutsa nyumba zomwe zikadali ndi mzere wa matope a namondwe Freddy wa mu 2023. Pakhomo pena khola la mbuzi linali lotsegula, mulibe kanthu. Si madzi anazitenga ayi: bambo wa pakhomopo anafa ziwalo ndi BP, ndipo mbuzizo zinapita imodziimodzi.

Azaumoyo amadziwa kuti odwala ochepa ndiwo amadya ndalama zambiri: a shuga, a impso, a khansa ya khomo la chiberekero, ndi amene HIV yawafooketsa atasiya mankhwala. Koma kuno zambiri mwa ndalamazo sizilembedwa m'kaundula aliyense. Zimachoka m'thumba la banja. Chipatala cha boma n'chaulere, inde, koma boti si laulere. Trinity ku Muona n'cha mishoni, pamafunika kangachepe. Makina osefa magazi ali ku Queen Elizabeth, ku Blantyre, ndipo wodikirira wodwala kumeneko amasiya dimba lake nthawi yodzala.

Pansi pa mtengo wa nimu ndinapeza anthu angapo akugawana mabotolo a ma ARV. Mmodzi yekha ndiye anapita kukatengera onse, anzake anasonkha yoyendera. Njira imeneyi inayambira ku Tete mu 2008 ndi bungwe la Médecins Sans Frontières, ndipo yapulumutsa mbuzi zambiri. Chimandiwawa n'chakuti wa shuga, wa BP ndi wa khunyu ndinawaona akuyenda aliyense payekha, kulipira payekha, chonsecho amakhala mudzi umodzi ndipo mlangizi wa zaumoyo amawadziwa mayina onse.