Kalaliki wa m'thumba mwa amalume

Ndinabadwa mu 1996, chaka chimene kampani ya Palm inayamba kugulitsa ku America kakompyuta kake koyamba ka m'manja kotchedwa Pilot. Zimenezi ndazidziwa nditakula. Ndili mwana ndinkangodziwa kuti amalume ali ndi kalaliki wa m'thumba, pakuti ndi mmene iwo ankatchulira kachipangizo kotuwa kamene sikankachoka m'thumba la malaya awo. M'Chingerezi amati PDA, dzina limene John Sculley, mkulu wa kampani ya Apple, analiwanditsa mu 1992, kutanthauza kamakina kothandiza munthu mmodzi pa ntchito zake. Ife amene timakonda kukangana za katchulidwe ka zinthu zachilendo m'chinenero chathu tingatolepo kanthu apa: amalume anayang'ana ntchito ya chinthucho, nachipatsa dzina la munthu amene ankaigwira ntchitoyo kale.

Amalumewo ankachita malonda a zitenje pakati pa Lilongwe ndi Chipata, kudzera pa malire a Mchinji ndi Mwami. Kalalikiyo anamugula ali wogwiritsidwa kale ntchito kwa mnzawo wina wochokera ku Joni. Anali Palm III, mtundu umene unatuluka mu 1998. Galasi lake silinkaonetsa mitundu, ndipo m'munsi mwake munali mabatani anayi otsegula zinthu zinayi basi: kalendala, mayina ndi manambala a anthu, mndandanda wa zochita, ndi tsamba lolembapo chilichonse. Ukadina batani, kalaliki ankadzuka nthawi yomweyo ali pa tsamba limene ukufunalo. Malo ake osungira zinthu anali mamegabaiti 2 okha, amene lero sangakwane chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi foni yabwino, koma moyo wonse wa malonda a amalume unakwana mmenemo malo n'kutsalako.

Munali ngongole: mayi wakuti wa ku Kapata watenga zitenje zingati, adzalipira liti. Munali masiku a misika, mayina a oyendetsa malole, ndi zopereka za chipepeso pa maliro a kumudzi, kuti pasadzakhale wonena kuti banja lakuti silinaponyepo kanthu. Madzulo aliwonse kalaliki ankalira kuwakumbutsa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Koma ntchito yake yaikulu inali masamu. Inu a ku Zambia ndi ife a ku Malawi tonse ndalama yathu timaitcha kwacha, pamene mphamvu zake n'zosiyana, ndipo munthu woima pa malire ali ndi makwacha a mbali zonse ziwiri m'manja sachedwa kupusitsidwa. Kwacha ya Malawi itagwa mphamvu mu 2012, kenako Zambia n'kuchotsa maziro atatu pa kwacha yake mu Januwale 2013, ndinaona amalonda anzawo akuwazungulira amalume kuti awawerengere. Anali anthu omwewo amene ankawaseka kuti akukakamira chinthu cha makedzana pamene aliyense ali ndi foni. Yankho lawo linali limodzi nthawi zonse: "Foni ndi ya anthu amene akundifuna. Uyu yekha ndiye wanga."

Jeff Hawkins, amene anayambitsa Palm, asanapange chipangizocho anasema kathabwa ka msinkhu wokwana m'thumba la malaya n'kumayenda nako, akuyerekeza kulembapo nthawi iliyonse imene wafuna kukumbukira kanthu. Ankafuna kudziwa zimene munthu amafunadi pa tsiku wamba. Mabatani anayi aja ndiwo anali yankho, ndipo mmisiri wa ku California ndi wamalonda wa pa Mchinji anagwirizana popanda kuonana.

Chimene chinandikoka ine, mwana wokonda zilembo, chinali kalembedwe kake. Apple inatulutsa chipangizo chake cha Newton mu 1993, chimene chinkayesa kuwerenga dzanja la munthu aliyense mmene amalembera, koma chinkaphonya kwambiri mpaka anthu anachisandutsa choseketsa. Palm inatembenuza nkhaniyo: munthu ndiye aphunzire zilembo za makina. Kalembedweko ankakatcha Graffiti, ndipo pafupifupi chilembo chilichonse unkachilemba ndi mzere umodzi, osanyamula kamtengo kolembera. A anali ngati denga la nyumba lopanda mtanda pakati, T anali ngati 7. Ndinaphunzira zimenezi pa mwendo wa amalume m'masabata ochepa. Ku South Africa kunapezeka njira yachitatu. Louis Liebenberg ndi anzake anakonza pulogalamu yotchedwa CyberTracker, imene inachotseratu zilembo n'kuikapo tizithunzi ta nyama ndi mapazi ake, kotero kuti akatswiri olondola mapazi a nyama, ena mwa iwo osadziwa kuwerenga, ankatha kulemba pa kakompyuta ka m'manja zimene aona m'tchire. Ku Karoo National Park analemba motero za kadyedwe ka chipembere. Kumeneko makina ndiwo anagwadira nzeru za eni nthaka.

Chichewa sichinagwadiridwe chotero. Graffiti inkadziwa kuika tizizindikiro pamwamba pa a, e kapena o monga zimafunikira m'Chifalansa ndi m'Chipwitikizi, koma ŵ wa kachipewa munalibemo. Kwa amalume zimenezi zinalibe kanthu, poti ngongole siisowa kachipewa. Kwa ine zinadzakhala nkhani mu 2018.

Chaka chimenecho ndinali kumaliza maphunziro a sayansi ya zinenero, ndipo ndinasankha kufufuza mawu a ntchito youmba mbiya. Sindinafunike kupita kutali. Agogo anga akuchikazi, mayi wa amayi ndi amalume, anali mmodzi wa oumba otsiriza m'mudzi mwathu ku Mchinji. Kumudziko kunalibe magetsi, foni yanga inkazima tsiku lisanathe, ndipo kokatchajitsa kunali ulendo wa panjinga. Amalume, amene pa nthawiyo anali atasiya malonda, anatulutsa kalaliki mu sutikesi n'kunena kuti, "Tenga uyu, mphwanga. Mabatire awiri ang'onoang'ono amamukwanira masabata."

Ananena zoona. Komanso panali phindu lina limene sindinaliyembekezere. Ndikatulutsa kope ndi cholembera, agogo ankakhala tsonga n'kuyamba kuyankhula Chichewa cha pa wailesi, ngati akuyankha anthu a kalembera. Ndikawalozetsa foni ankangoti zii. Koma kalalikiyo ankamudziwa kuyambira kale, anali wa mwana wawo, ndipo ndikamakanda pagalasi lake ankandiyesa mwana amene akusewera. Ankangopitiriza kukanya dongo, akuyankhula monga amayankhulira ndi anzawo kudambo. "Amunanga," ankanditero mwa nthabwala ya agogo ndi mdzukulu, "ŵana ŵa lero mudziŵa chiyani? Mtsuko, nkhali, mphika, zonse mungoti poto." Ndinkalemba msangamsanga ndi dzanja limodzi, lina litagwira phale la madzi. Pa ŵ aliyense ndinkalemba w kawiri. Pa mawu osiyana ndi kamvekedwe kokha, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, ndinkaika chilembo chachikulu pamene liwu lakwera. Usiku ndinkalemba zilembo zitatu zoyambirira za mawu, kalaliki n'kunditulutsira malo onse amene agogo anawatchula. Kope silingachite zimenezo.

M'masabata asanu ndinasonkhanitsa mawu a mitundu ya dothi, a magawo a mbiya kuyambira kukamwa mpaka pansi, a kukulungiza ndi nkhulungo, a nkhuni zoyenera kuwotchera, ngakhalenso a miyambo imene woumba amasunga kuti mbiya zisasweke pamoto. Ambiri sindinawapeze m'mabuku otanthauzira mawu amene ndinali nawo.

Tsopano ndifotokoze chilema cha kalalikiyu. Zonse zimene ankasunga zinkakhalapo chifukwa cha mphamvu ya mabatire. Posintha mabatire unkakhala ndi kanthawi kochepa, ngati mphindi imodzi, zinthu zisanayambe kufufutika. Opanga ake ankayembekezera kuti mwini wake azimukhazika pa kampando kolumikiza ku kompyuta n'kudina batani la HotSync kuti zonse zikopedwe. Anapangira anthu a m'maofesi okhala ndi kompyuta pa tebulo. Amalume sanakhalepo nayo, ndipo laputopu yanga inalibe n'komwe kabowo kolowetsa chingwe cha mtundu wakale umenewo.

Loweruka lina m'mawa chizindikiro cha mabatire chinatsika. Ndinachotsa akalewo n'kuikamo atsopano amene ndinagula pa kagolosale kena. Sanayake. Anali akufa kale ali m'pepala lawo. M'malo mobwezeramo akale aja, mutu unandizungulira, ndinathamangira kwa aneba kukabwereka a mu tochi. Pamene ndinkabwerako, kalaliki anayaka bwinobwino, n'kundionetsa kachizindikiro kondipempha kuti ndigunde pakati pake ndi kamtengo, monga amachitira akangotuluka m'sitolo. Anali wayiwala zonse, ngakhale tsiku.

Ndinakhala pa khonde mpaka dzuwa kupendeka, ndikulemba m'kope zimene mutu unasunga. Ndinapulumutsa mwina theka. Ndinabwerera kwa agogo kuti tiyambirenso, koma mawu amene munthu amatchula manja ali m'dongo sabwera ukamufunsa mwachindunji. Ankangoseka n'kunena kuti, "Ndinanena zimenezo ine?" Tchuthi chinatha, mvula inayamba, kuumba kunaima. Tinapangana kuti ndidzabwera chilimwe chotsatira. Agogo anatisiya mu Epulo 2019.

Mpaka lero sindimuda kalalikiyo. Popanda iye theka lija silikanakhalapo, chifukwa mawu amene ndinawakumbukira ndi amene ndinawalemba chilembo chimodzichimodzi ndi kamtengo kaja. Palm yomweyo inagonja kwa mafoni amakono ndipo kampani ya HP inaigula mu 2010, koma mabatani anayi aja ali m'foni ya aliyense wa inu, atakwiririka pansi pa mauthenga ndi mavidiyo.

Zinanditengera chaka kuti ndiwaululire amalume zimene zinachitika, poopa kuti ndinafufutanso zawo zimene zinali mmenemo. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako analowa kuchipinda n'kutuluka ndi mulu wa makope a ana asukulu omangidwa ndi mphira. Munali ngongole zonse, chaka ndi chaka, m'dzanja lawo lopendekeka. "Kalaliki ameneyu anandiyiwalira katatu," anatero. "Ulendo woyamba amayi a ku Kapata anavina. Kuchokera pamenepo Lamulungu lililonse ndikachoka ku tchalitchi ndinkakopera m'kope. Iwe unandifunsa za mabatire okha."