Kompyuta yosasokosa m'bokosi lakale

Benchi yanga yokonzera makompyuta ili ku Sakubva, kuno ku Mutare. Agogo anga anabwera kuchokera ku Malawi kudzagwira ntchito ya njanji mzindawu ukadali kutchedwa Umtali, ndiye Chichewa ndinachiyamwira pakhomo, Chimanyika ndinachitola mumsewu. Mwa ntchito zonse zimene zimafika m'manja mwanga, imene ndimaikonda kwambiri ndi iyi: kutenga bokosi lachitsulo la kompyuta yakale ya muofesi n'kumangamo makina okhala pansi pa TV pabalaza, oonetsa mafilimu ndi kuimba nyimbo, koma osamveka n'komwe kuti akuyenda.

Mabokosi oterewa sasowa. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imakana makompyuta ambiri okhala ndi purosesa ya Intel yakale kuposa m'badwo wachisanu ndi chitatu. Choncho maofesi akuchotsa makina amene akadali amoyo. Ena akawaona amati ndi zinyalala, koma ine ndimayamba ndalinyamula bokosilo kuti ndimve kulemera kwake. Chitsulo chokhuthala sichinjenjemera, ndipo bokosi lalikulu limalola fani yaikulu. Zinthu ziwirizi tibokosi tamakono tapulasitiki tilibe.

Kasitomala akamva kuti ndikufuna kuthetsa phokoso, kawirikawiri amandilangiza yekha. Bambo wina wa ku Dangamvura anandiuza kuti, "Achimwene, mungomata siponji m'kati monsemo, phokosolo lisatuluke." Ndinawayankha kuti, "Bambo, mukatero mwaifunditsa bulangete m'mwezi wa October." Phokoso la kompyuta limabadwa ndi kutentha. Purosesa ikatentha fani imathamanga, ndipo fani ikathamanga imalira. Siponji imatsekera kutenthako m'kati, faniyo n'kuthamanga koposa kale. Ntchito yonse yagona pa kuchepetsa kutentha kumene makinawo akupanga, ndi kutsegulira njira kumene kwatsalako kuti kutuluke mosavutikira.

Ndimayamba ndi kumvetsera. Ndimayatsa makinawo chivindikiro chili chotsegula, n'kuimitsa fani iliyonse kwa kamphindi pogwira pakati pake ndi chala, kuti ndidziwe imene ikulira. Hard disk ndimaichotsa osaganiza kawiri. Mbale zake zimazungulira maulendo 7200 pa mphindi, ndipo kunjenjemera kwake kumalowa m'chitsulo cha bokosi mpaka kukafika pa kabati imene TV yakhalapo. M'malo mwake ndimaikamo SSD, imene ilibe chozungulira chilichonse. Ngati mwini wake ali ndi mafilimu ochuluka oti SSD singakwanitse, ndimaika hard disk yaing'ono ya laputopu, koma yosamangirira ku chitsulo: ndimaipachika pa timizere ta labala todula ku chubu chakale cha njinga, izilendewera.

Pa mafani m'pamene pali luso lenileni. Kafani ka mamilimita 80 kamayenera kuzungulira mwamisala kuti kakankhe mpweya umene fani ya mamilimita 120 imakankha ikuyenda pang'onopang'ono, mwina maulendo 700 kapena 800 pa mphindi. Komanso kulira kwa kafani kakang'ono n'kosongoka, kumabaya khutu, pamene kwa yaikulu n'kwapansi, kumasowa m'mawu a TV. Ndiye ndimadula bowo lalikulu kutsogolo kapena pambali pa bokosi, n'kusalaza m'mphepete ndi fayilo. Timabowo ting'onoting'ono timene opanga anabowola kumbuyo ndimatidulanso n'kuikapo waya wotalikirana, chifukwa mpweya ukamadzipanikiza pa timabowoto umachita mluzu. Fani ndimasankha ya mawaya anayi, imene motherboard imatha kuiuza liwiro, ndipo mu BIOS ndimaikonza kuti isamadzuke ndi kutsika pafupipafupi. Khutu limazolowera mawu osasintha, koma fani yongokwera n'kutsika imamveka ngakhale pakati pa filimu ya nkhondo. Mafuta otuwa amene amapakidwa pakati pa purosesa ndi chitsulo chake choziziritsa amakhala atauma gwa patapita zaka. Ndimapukuta ndi spirit n'kudontheza atsopano pang'ono chabe.

Mutu umandipweteka ndi mabokosi a Dell ndi HP. Muyezo wa ATX, umene Intel inakhazikitsa mu 1995, umanena pamene mabowo a masikuluwu ayenera kukhala, koma makina ambiri a muofesi a makampaniwa ali ndi miyezo yawoyawo, ngakhale mapulagi a magetsi ndi a batani loyatsira. Ngati motherboard yake ili bwino ndimangoisiya momwemo. Ngati ndikuikamo ina, ndimakonda Mini-ITX, ya masentimita 17 mbali zonse, chifukwa imasiya malo ambiri. Ndimajambula mabowo ake papepala, n'kubowola anga, n'kuika timiyendo tamkuwa kuti bolodi isakhudze chitsulo. Tizidutswa tonse ta chitsulo ndimatitola ndi maginito ndisanaikemo kalikonse, poti kamodzi kokha n'kokwanira kupsereza bolodi.

Si makina onse akale amene ndimavomera. Mafilimu ambiri masiku ano amasungidwa m'njira yotchedwa HEVC. Purosesa ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chiwiri kupita m'tsogolo ili ndi kachigawo kogwira ntchito imeneyi popanda thukuta. Yakale kwambiri, monga Core 2 Duo, imalimbana nayo ndi mphamvu zake zonse, imatentha, chithunzi n'kumadukizabe. Yotereyi ndimangotengapo bokosi. Amene ali ndi ndalama ndimamulangiza bolodi ya Intel N100, purosesa ya 2023 ya mawati 6 okha, moti mabolodi ena amabwera opanda fani.

Kuchepa kwa mawatiku kuli ndi phindu lina kuno kwathu. Madzi atatsika ku Kariba mu 2019, magetsi ankazima mpaka maola 18 pa tsiku, ndipo kuyambira pamenepo nyumba zambiri zili ndi sola ndi batire. Makina osadya magetsi amatha kugwiritsa ntchito kabolodi kakang'ono kotchedwa picoPSU m'malo mwa power supply yaikulu ija ndi fani yake. Koma chenjerani: batire ya mavoti 12 ikamatchajidwa imakwera kupitirira 14, ndiye pamafunika mtundu wolandira mphamvu zosiyanasiyana, osati wa 12 chabe.

Fumbi nalo ndi mdani. Kuyambira August mpaka mvula itagwa limalowa paliponse. Ndimakonza zoti mpweya wolowa uzichuluka kuposa wotuluka, ndipo polowera pake ndimaika kansalu ka neti ya udzudzu. Ndikatero fumbi limatsakamira pamalo amodzi oti mwana aliyense akhoza kupukuta. Makina omangidwa mu June, kuzizira kukutsika kuchokera ku Vumba, amanamiza, choncho ndimawayesa m'chipinda chotseka mawindo masana, akuonetsa filimu yolemera.

Pulogalamu ndimaika LibreELEC, kachitidwe kakang'ono ka Linux kongoyendetsa pulogalamu yoonetsera mafilimu yotchedwa Kodi basi. Imayaka msanga, ndipo agogo amaiyendetsa ndi rimoti osaona mbewa kapena kiyibodi. Kanyale kabuluu kakutsogolo ndimakazula, chifukwa usiku kamathobwa m'maso. Zimene anthu amandipempha kuti ndiwaikiremo si za ku Hollywood kwenikweni. Ndi mavidiyo a ukwati, a makwaya a kutchalitchi, a gule wamkulu amene achibale atumiza kuchokera ku Dedza kapena ku Dowa, ndi nyimbo za Alick Macheso. Zambiri zinali pa ma DVD okalika ndi m'mafoni otsala pang'ono kufa. Zonsezi zimaonereka popanda kugula data.

Sindinamiza munthu. Ngati mumangofuna YouTube ndi Netflix, gulani kabokosi ka Android, n'kotchipa ndipo ntchito imeneyo kamaigwira bwino kuposa Kodi. Makina anga ndi a munthu amene ali ndi zakezake zoti asunge, ndipo akufuna chinthu choti chikawonongeka chizitheka kutsegulidwa n'kusintha chiwalo chimodzi. Inu amene mukufuna kuyesa nokha kunyumba, bowolani, dulani, sinthani mafani mmene mungafunire, koma power supply musaitsegule. M'kati mwake muli ma capacitor osunga mavoti opitirira 300, ndipo amatha kukhalabe ndi mphamvu ngakhale mutazula pulagi kukhoma.