Akavalo 44 m'njinga imodzi

Ndakhala chete kwa kanthawi chifukwa chochonga mayeso, mundikhululukire.

Loweruka lapitali anandiimbira foni mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa zaka khumi zapitazo. Panopa ndi kapitawo pafamu ina ya kachewere ku Dedza. Abwana ake anamutuma kuti asankhe njinga yamoto ya matayala anayi, zija amati kwadi, yoyenderera minda ndi kukoka kangolo ka feteleza. Wogulitsa wina ankamuuza za ma cc, wina za hosipawa, mpaka mutu unamuzungulira.

"Aphunzitsi, ndalamazi si zanga," anatero. "Ndikasankha molakwika, ntchito yandithera."

Kunena zoona ndinachita manyazi. Mwanayu anakhoza bwino phunziro langa pa MSCE. Ankaloweza kuti mphamvu ndi ntchito kugawa ndi nthawi, koma tsiku loigwiritsa ntchito litafika, sinamuthandize. Olakwa ndine. Ndinamuphunzitsa zokhozera mayeso basi.

Ndiye tinayambiranso Fomu 3 pafoni.

Hosipawa anaiyambitsa ndi James Watt wa ku Scotland, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Ankagulitsa injini za nthunzi kwa anthu ozolowera akavalo, choncho anayerekeza injini zake ndi kavalo kuti ogula amvetse. Hosipawa imodzi ndi mawati pafupifupi 746. Kwathu kuno tinene chonchi: ndi mphamvu yokweza thumba la chimanga la makilogalamu 50 m'mwamba mita imodzi ndi theka pa sekondi iliyonse, osapumira. Pa mapepala ena mupeza PS, yomwe ndi mawati pafupifupi 735, pena kW. Musanayerekeze njinga ziwiri, onetsetsani kuti muyezo ndi umodzi.

Tsono cc si mphamvu ayi. Ndi kukula kwa m'mimba mwa injini, malo amene mpweya ndi petulo zimalowamo. Mwachitsanzo, Polaris Sportsman 570 ili ndi injini ya 567 cc ndipo kampaniyo imati ndi 44 hosipawa. Injini ziwiri zofanana ma cc zitha kusiyana mphamvu kwambiri, malinga ndi mapangidwe ake.

Apa mnyamata uja anandidula mawu. "Koma aphunzitsi, thalakitala yathu yakale ija, Massey Ferguson 135, ndi 45 hosipawa. Ndiye kuti kanjingaka kangakoke khasu la thalakitala?"

Funso limeneli linandikondweretsa kuposa makirediti onse a chaka chino. Yankho lake ndi lakuti hosipawa imabadwa pochulukitsa zinthu ziwiri: mphamvu yopotokola, imene amakaniko amati torque, ndi liwiro limene injini ikuzungulira. Injini ya dizilo ya thalakitala imazungulira pang'onopang'ono koma imapotokola mwamphamvu, ngati ng'ombe pangolo. Ya kwadi imapeza nambala yomweyo polira kwambiri. Onjezanipo kulemera kwa thalakitala ndi kukula kwa matayala ake, muona kuti nambala n'zofanana koma ntchito n'zosiyana. Wofuna kukoka katundu pamatope ayang'ane torque, giya yaing'ono yokwerera mtunda, kukoka kwa matayala onse anayi, ndi kulemera kumene opanga analoleza kukoka.

Palinso zinthu ziwiri zimene wogulitsa sangakuuzeni. Choyamba, nambala ya papepala nthawi zambiri amayezera pa injini penipeni. Pofika kumatayala, ina yatayika kale mu lamba ndi m'magiya. Chachiwiri, kumapiri mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 aliwonse amene mwakwera. Pamalo okwera mamita 1,500, ngati madera ambiri a ku Dedza, akavalo 44 aja atsala 37 kapena 38. Ngati njingayo ndi kaunjika, zaka nazonso zadyapo awo.

Pomaliza ndinamuchenjeza ngati kholo. Honda itatulutsa njinga ya matayala atatu mu 1970, anthu anaikonda, koma ngozi zinachuluka mpaka ku America anasiya kugulitsa zatsopano za mtunduwu mu 1988. Za matayala anayi nazonso zimagubuduzika pamalo otsetsereka. Chipewa choteteza mutu chisachoke, ana asayendetse, ndipo njinga ya munthu mmodzi asakwerepo awiri ngati kabaza.

Lolemba ndinalowa m'kalasi wopanda choko. Ndinatenga ana anga a Fomu 3 kupita nawo pachulu chachikulu cha kuseri kwa sukulu, titanyamula tepi ndi wotchi. Mtsikana wina wa makilogalamu 60 anakwera mamita atatu m'masekondi anayi. Titawerengera tinapeza mawati 450, kupitirira pang'ono theka la kavalo. Kalasi yonse inafa nacho chiseko, ndipo anyamata anayamba kulimbirana kuti afike pa kavalo wathunthu.

Mnyamata wa ku Dedza uja sanagulebe njingayo. Akuti wapempha ogulitsa onse awiri kuti ayambe aiyesa pamtunda wa pafamupo, kangolo kali kumbuyo, matumba ali momwemo. Akandiuza zotsatira ndidzakudziwitsani.