Masewera Oyenera Kufika M'thumba

Chiyankhulo chimakhala ndi moyo pamene chikumveka komwe kuli anthu, ndipo lero achinyamata ambiri amapezeka pa lamya zawo za m'manja. Ine, amene ndaphunzitsa za ziyankhulo kwa zaka zambiri pa sukulu ya ukachenjede, ndakhala ndikuona ophunzira anga akutchaja foni paliponse pamene apeza magetsi, koma ndi owerengeka okha amene adagwirapo makina a masewera monga PlayStation kapena Xbox. Makina oterowo ndi odula, amafuna wailesi ya kanema, ndiponso amafuna magetsi osazimazima. Kompyuta yamphamvu nayo ndi chimodzimodzi. Choncho ndikamva kuti kwatuluka masewera okoma okhudza chiyankhulo kapena miyambo ya anthu, funso langa loyamba limakhala lakuti: kodi adzafika pa foni?

Si masewera onse amene ndikuwapempherera ulendo umenewu. Ambiri mwa iwo ndi othamangitsana ndi kuomberana basi, ndipo pa foni alipo kale ochuluka a mtundu womwewo. Amene ndikunena ine ndi aja osunga chinthu chimene munthu sangachipeze kwina.

Tiyambe ndi Never Alone, amene m'chiyankhulo cha Iñupiaq amatchedwa Kisima Ingitchuna. Adatuluka mu 2014, atapangidwa ndi kampani ya Upper One Games imene idakhazikitsidwa ndi bungwe la Cook Inlet Tribal Council la ku Alaska. Nkhani yake idachokera ku nthano yakale ya Kunuuksaayuka, ndipo wosewera amatsogolera mtsikana wotchedwa Nuna ndi nkhandwe yoyera, kufunafuna gwero la chimphepo cha chisanu chimene chasautsa mudzi wawo. Wofotokoza nthanoyi amayankhula Chiiñupiaq kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto, ndipo akuluakulu ndi odziwa nthano pafupifupi 40 adathandiza pa ntchitoyi. Mu 2016 masewerawa adafika pa mafoni a Android ndi iPhone. Kuyambira pamenepo, mwana amene alibe makina odula adatha kumva mawu a agogo a ku Alaska ali m'basi kapena pakhonde.

Chitsanzo china ndi Chants of Sennaar, amene adapangidwa ku France ndi kampani ya Rundisc mu 2023. Wosewera amakwera nsanja yofanana ndi ya Babele, momwe mukukhala mitundu isanu ya anthu osamvana ziyankhulo. Palibe womasulira, munthu amaona zizindikiro pa zitseko ndi pa zikwangwani, amaonetsetsa zimene anthu akuchita poyankhula, kenaka amalemba m'kabuku tanthauzo limene akuganiza. Mtundu wina umasonyeza kuchuluka pobwereza liwu kawiri, wina umaika chizindikiro patsogolo pa dzina, monga ife timachitira posintha "munthu" kukhala "anthu". Mtundu winanso umasanja mawu m'chiganizo mwa njira yosiyana ndi anzawo. Zimenezi n'zomwe ndimaphunzitsa m'chaka choyamba, ndi choko ndi bolodi, ophunzira ena akuodzera. Nditaonetsa kagulu kena masewerawa pa kompyuta yanga, adakangana kwa ola lathunthu ngati chizindikiro china chidali dzina kapena mneni. Mu 2025 masewerawa nawonso adatsikira pa foni, ndipo sadataye kanthu, chifukwa chimene amafuna kwa wosewera ndi kudekha. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono pali ena amene ndikulakalaka atatsata njira yomweyi. Heaven's Vault, a kampani ya inkle ya ku Cambridge, adatuluka pa kompyuta ndi PlayStation 4 mu 2019, kenaka pa Nintendo Switch mu 2021. Mmenemo mayi wofufuza zakale, Aliya Elasra, amamasulira zolembedwa za chiyankhulo chotayika, momwe mawu aatali amamangidwa ndi tizizindikiro ting'onoting'ono, ngati tsinde ndi aphatikiri ake. Wosewera akalakwitsa kumasulira, masewerawa samudzudzula nthawi yomweyo. Amamusiya apitirire mpaka zolembedwa zina zitamuonetsa kuti tanthauzo lake silikugwirizana. Umu ndi mmene kafukufuku weniweni amayendera. Kusankha liwu ndi kulikoka ndi chala ndi ntchito imene galasi la foni limaigwira bwino kuposa mabatani.

Amene amandikhudza mtima kwambiri ndi Tales of Kenzera: Zau, a mu 2024. Adawayambitsa ndi Abubakar Salim, katswiri wa zisudzo wa ku Britain amene makolo ake adachokera ku Kenya, polira bambo ake amene adamwalira. Mnyamata Zau amapangana ndi Kalunga, mulungu wa imfa, kuti amubwezere bambo ake, ndipo amamenya nkhondo ndi zigoba ziwiri za kumaso, cha dzuwa ndi cha mwezi. Munthu angathe kusankha kumva nkhani yonse m'Chiswahili. Khutu la Mchewa likamva Chiswahili silikhala mlendo kwenikweni: "jua" ndi dzuwa lathu, "maji" ndi madzi, "mwezi" ndi "moto" n'zomwezo. Koma masewerawa adatulutsidwira makompyuta, PlayStation 5, Xbox ndi Switch, zinthu zimene mwana wa ku Mombasa, ku Chipata kapena ku Dedza kawirikawiri alibe. Nthano yoyankhulidwa m'chiyankhulo cha kwathu kuno imafika mosavuta ku London kusiyana ndi kwa eni ake.

Ena anganene kuti masewera ngati amenewa, odumphadumpha ndi ofuna zala zachangu, sangakwane pa galasi laling'ono, ndipo mfundo yawo ili ndi mutu. Zala zimaphimba chithunzi, foni imatentha, batire limatha msanga, ndipo kukopera masewera aakulu kumadya bandulo ya intaneti ya mwezi wonse. Kusamutsa masewera kumafunanso ndalama ndi akatswiri. Komabe Dead Cells, masewera othamanga kwambiri, adasamutsidwira pa iPhone mu 2019 ndi pa Android mu 2020, atawakonzera mabatani a pagalasi amene wosewera angathe kuwasuntha mmene akufunira. Choopsa chenicheni, m'kuona kwanga, ndi chizolowezi cha msika wa pa foni chodula nkhani pakati ndi zotsatsa malonda, kapena kulipiritsa munthu pa khomo lililonse. Nkhani ya mwana wolira bambo ake siyenera kudukizidwa motero. Agulitse masewerawa kamodzi, pa mtengo woganizira thumba la dera lino, alole kulipira ndi ndalama za pa foni popeza ambiri alibe makhadi a banki, ndipo azitha kuseweredwa popanda intaneti.

Pali phindu lina limene mphunzitsi wa ziyankhulo sangaleke kulitchula. Amene amapanga zinthu mawa ndi amene adaziona lero. Wophunzira amene wamva Chiiñupiaq ndi Chiswahili zikutuluka m'foni yake sadzachedwa kufunsa chifukwa chimene Kalulu ndi Fisi, kapena nkhani ya pa Kaphirintiwa, sizingayankhulire momwemo m'Chichewa, ndipo ena mwa ophunzira anga ali nalo kale luso la makompyuta lowathandiza kuyankha funso limenelo.